Safunsa anadya phula, nanga wofunsa foni anadya chiyani?

Akuluakulu akale analibe chisoni ndi munthu wodziyesa wodziwa. Anangoti safunsa anadya phula, mlandu n'kuthera pomwepo. Sanatiuze kuti munthuyo anali wa mudzi uti, kapena kuti m'mimba mwake munayenda bwanji usiku umenewo. Tingoganizira kuti anapeza anzake atafula njuchi, manyazi n'kumugwira kufunsa kuti chodyedwa apa n'chiti, ndiye anatola chimene chinali pafupi n'kuyamba kutafuna mwaulemu, uku akugwedeza mutu kuti anthu aziti zikukoma.

Mwambiwu anaupangira dziko limene matenda ake anali kusafunsa. Dziko limenelo linapita. Lero tili ndi mtundu wa anthu ofunsa kuposa onse amene anakhalako chilengedwere dziko, ndipo ngati mukufuna kuwaona ali pa ntchito, kaimeni pamene Frith Street imadutsana ndi Old Compton Street, m'dera la Soho mumzinda wa London, Lachisanu madzulo. Mudzapeza timagulu ta anthu anayi kapena asanu titaima mozungulira, aliyense wazyolika pa foni yake, njala ikuwapotokola matumbo, akufufuza kumene kuli ramen yabwino. Fungo la msuzi likuwamenya pamphuno kuchokera pa khomo limene aliyang'anitsa nkhongo. Koma masiku ano mphuno siiwerengedwa ngati mboni. Mboni ndi anthu 2,000 osawadziwa amene anapereka nyenyezi.

Soho ndi kadera kakang'ono. Kumpoto kwake kuli Oxford Street, kumadzulo Regent Street, kum'mawa Charing Cross Road, ndipo mukawoloka Shaftesbury Avenue chakummwera mwalowa mu Chinatown. Munthu woyenda bwino amakadutsa wapansi m'mphindi khumi. Vuto ndi loti m'kadera kameneka ndi m'mphepete mwake munadzaza malo odyera zakudya za ku Japan moti munthu amagona ndi njala chifukwa chochuluka zakudya. Anthu a mu London anayamba kuzolowera ma noodles a mu msuzi mu 1992, pamene Alan Yau anatsegula Wagamama ku Bloomsbury n'kuwakhazika pa mabenchi aatali moyandikana ndi anthu osawadziwa, chimene kwa Mngelezi ndi chilango chachikulu. Mu 1997 Simon Woodroffe anatsegula YO! Sushi pa Poland Street, kumene timbale tinkayenda tokha pa lamba ndipo wakudya ankangotsakamula kamene kamudolola. Mu 2010 kunabwera Koya pa Frith Street ndi udon wake. Kenako mu 2012 mvula inagwa: Tonkotsu pa Dean Street, Bone Daddies pa Peter Street, Shoryu pa Regent Street. Mu 2014 Kanada-Ya ndi Ippudo, onse ochokera chigawo cha Fukuoka, anatsegula moyang'anizana ku St Giles, kuti munthu wanjala aime pakati pa msewu n'kumatembenuza khosi uku ndi uku.

Apa ndiyambe ndateteza ulemu wa chakudyachi, chifukwa ndikudziwa kuti ena mukumwetulira kale. Mukuganiza za timapaketi tija timene ana asukulu amaviika m'madzi otentha mwezi ukafika pakati ndalama itatha. Timeneto ndi nzeru za Momofuku Ando, amene anatiyambitsa mu 1958, ndipo tapulumutsa mabanja ambiri, sitingatinyoze. Koma ramen ya pa lesitilanti ndi nkhani ina. Ma noodles ake amakandidwa ndi ufa wa tirigu wothira kansui, madzi a mchere wina umene umawapatsa mtundu wachikasu ndi kulimba kwina kokoma potafuna. Chuma chenicheni chili mu msuzi. Ulipo wa shoyu, wokoleretsa ndi sosi wa soya. Ulipo wa shio, wa mchere. Ulipo wa miso, umene mzinda wa Sapporo umadzitama nawo. Ndipo ulipo tonkotsu wa ku Fukuoka, umene amawiritsa mafupa a nkhumba mwamphamvu kwa maola ochuluka mpaka madziwo atayera n'kukhuthala. Amene anamwapo msuzi wa mang'ina ophikidwa usiku wonse, uja umasiya milomo ikumatana, akudziwa kale theka la nkhaniyi. Pamwamba amaikapo nyama ya nkhumba yolenga mopyapyala, dzira lofewa pakati, anyezi wamasamba ndi kapepala kakuda ka ndere za m'nyanja. Udon ndi ma noodles onenepa, oyera, oterera. Soba ndi opyapyala, otuwa, a ufa wa mbewu ina yotchedwa buckwheat, ndipo nthawi yotentha amadyedwa ozizira dala, choncho musawabweze kukhitchini.

Tsono munthu wathu uja wafunsa foni, ndipo foni, posafuna kukhumudwitsa aliyense, yayankha kuti malo onse ndi abwino. Awa ali ndi 4.4, awo 4.5, enawo 4.6. Anthu akuluakulu, ena a madigiri awiri, amatsutsana mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka pa kusiyana kwa 4.4 ndi 4.5. Akatsegula ndemanga kuti amve zambiri amakumana ndi mtundu wa anthu wodabwitsa. Wina wapereka nyenyezi imodzi chifukwa kunja kunkagwa mvula pamene ankadikira. Wina wadandaula kuti mu msuzi wa mafupa a nkhumba mumamveka nkhumba. Wina wapereka zisanu chifukwa chibwenzi chake chinamulola pomwepo, za chakudya sanatchule n'komwe. Munthu wokhuta bwino amapita kwawo kukagona. Otsala kuti alembe ndi okwiya, okondwa mopitirira, ndi olipidwa.

Za olipidwazi si miseche. Mu 2017 mtolankhani wina, Oobah Butler, amene poyamba ankalandira mapaundi 10 pa ndemanga yabodza iliyonse imene ankalembera malesitilanti, anaganiza zochotsa chinthu chimodzi chokha chimene chinkamuvuta pa ntchitoyi, chomwe ndi lesitilantiyo. Analembetsa pa TripAdvisor kashedi kamene ankagonamo ku Dulwich, kummwera kwa London, n'kukatcha The Shed at Dulwich. Zithunzi za zakudya anajambula yekha pogwiritsa ntchito thovu lometera ndevu ndi mibulu ya mankhwala otsukira m'chimbudzi. Pa chithunzi china, chooneka ngati nyama yokhala ndi dzira pamwamba, nyamayo inali phazi lake. Anzake analemba ndemanga zotamanda. Aliyense woimba foni ankauzidwa kuti malo adzaza kwa milungu ingapo, ndipo kukanidwako n'kumene kunawonjezera chilakolako. Pofika November chaka chomwecho, kashedi kamene kanali kasanaphikepo ngakhale tiyi wa kasitomala kanali nambala wani pa malo odyera oposa 18,000 a mu London. Pamapeto pake anatsegula usiku umodzi wokha, n'kupatsa alendo zakudya zotsika mtengo za m'sitolo zongotenthetsa, ndipo ena anafunsa ngati angabwerenso. Onani kusiyana kwake. Munthu wa m'mwambi uja anadya phula chifukwa sanafunse. Awa anafunsa, anayankhidwa, anaimba foni, anapempha, anadikira milungu, anavala bwino, n'kukadya phula lija atakhala pa mpando, atayala kansalu pamiyendo.

Boma la Britain linafika potopa nazo moti kuyambira April 2025 kulemba kapena kugula ndemanga zabodza n'kuphwanya lamulo. Ndi lamulo labwino, koma siligwira munthu uja wa mvula, amene sananame, anangokhala wopanda nzeru moona mtima.

Nyenyezi zimasiyananso mtengo malinga ndi dziko. Ku Japan, pa Tabelog, kumene eni chakudyachi amayezera malo odyera, anthu ake ndi ouma manja moti malo ofika 3.5 ndi ochepa kwambiri ndipo amalemekezedwa. Mlendo wozolowera ma 4.5 akaona 3.5 amathawa, kusiya chakudya chimene akanasimba moyo wake wonse. Ndiye pali nyenyezi zolemera kuposa zonse, za Michelin, zimene mwini wake ndi kampani yopanga matayala. Buku lawo analiyamba mu 1900 kuti anthu aziyenda maulendo ataliatali pa galimoto, matayala azitha, iwo azigulitsa ena. Mpaka lero ophika otchuka amalira misozi yeniyeni kampani ya matayala ikawalanda nyenyezi. Mu December 2015 kalesitilanti ka mipando 9 kotchedwa Tsuta, m'dera la Sugamo ku Tokyo, kanakhala koyamba kulandira nyenyezi imeneyi chifukwa cha ramen. Mphoto ya makasitomala ake akale inali yoti tsopano azilawirira m'mamawa kukatenga tikiti ya chakudya chamasana.

Ena amati musavutike ndi foni, tsatani mzere. Pamene pali mzere pali zabwino. Kale nzeru imeneyi inali ndi mutu. Masiku ano mzere umabala mzere unzake. Mtsikana wina wajambula kavidiyo akukoka ma noodles m'mwamba maso atatong'ola, anthu 40 afika, odutsa aona 40 aja n'kuima kumbuyo kwawo, ena osadziwa n'komwe chimene chikugulitsidwa kutsogoloko. Ndipo munthu amene waima mphindi 50 pa chisanu cha January sangakupatseni umboni woona. Pofika pa mpando, ngakhale madzi otsukira mbale atamuthirira mchere anganene kuti sanalawepo zotere.

Ena amati suzumirani pawindo, mukaona Ajapani akudya, lowani. Imeneyi ndimaikonda chifukwa imaganiza kuti Mjapani aliyense anabadwa ndi lilime la katswiri, ndipo palibe Mjapani amene analowa pamalo chifukwa mvula inamupeza kapena foni inamunamiza ngati ife tomwe. Pansi pa langizoli pali funso limene anthu amalinyadira kwambiri, lakuti kodi chakudyachi n'chenicheni? Funsoli ndi lokoma pakamwa koma silipita kutali. Alan Yau anabadwira ku Hong Kong. Ross Shonhan, amene anayambitsa Bone Daddies, ndi wa ku Australia. Ramen yeniyeniyo inachokera ku China. Lesitilanti ya Rairaiken imene inatsegulidwa ku Asakusa mu 1910, yomwe ambiri amaiwerengera kuti ndi kumene ramen inayambira kutchuka ku Tokyo, ophika ake anali Matchaina. Tempura anabwera nayo ndi Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Curry uja wa katsu, amene Angelezi amamukonda koposa, anafika ku Japan kudzera mwa Angelezi omwewo, ndiye akamamudya ku Soho akungolandira katundu wawo amene anakazungulira. Ngakhale nsomba ya salmon yaiwisi pa sushi, Ajapani anachita kunyengereredwa ndi anthu a ku Norway m'zaka za m'ma 1980, amene anali ndi nsomba zambiri zosowa msika. Mukafuna chakudya chimene sichinakhudzidwepo ndi mlendo, mudzafa ndi njala muli ndi ndalama m'thumba.

Chimene chimandisekesa kwambiri n'choti munthu yemweyu, amene wafunsa dziko lonse lapansi kudzera pa foni, akangokhala pansi pakamwa pamatsekeka. Kufunsa foni n'kosavuta chifukwa foni siikuona kuti sukudziwa. Woperekera zakudya ali ndi maso.

Alamu anga anabwera kudzacheza kuchokera kumudzi, munthu wolemekezeka, wapampando wa makomiti angapo. Malo odyera anasankha okha atafufuza madzulo onse, ndipo tikulowa ankandifotokozera mbiri ya mwini wake. Atatibweretsera edamame, nyemba za soya zanthete zowiritsira m'makoko, iwo anatafuna ndi makoko omwe, n'kunena kuti ndiwo zake n'zabwino koma sizinapse. Kambale kopanda kanthu koikamo makoko anakayesa kokongoletsa tebulo. Kenako kunabwera sushi, pambali pake pali kachulu kobiriwira.

"Alamu, pang'onopang'ono ndi kameneko," ndinatero.

"Mapeyalawa?"

"Si mapeyala, alamu. N'kowawa."

"Alamu, ine ndinakulira kambuzi. Musandiphunzitse tsabola."

Anakatola konse n'kuponya m'kamwa. Tsabola amamenya lilime, ndipo munthu wokulira kambuzi amadziwa pomudikirira. Wasabi salimbana ndi lilime. Mphamvu yake imauluka, imakwera kuseri kwa mphuno n'kukagogoda pakati pa mutu. Alamu anaimirira, anakhala pansi, anavula magalasi, anayang'ana kudenga ngati ayitanidwa ndi dzina, misozi ili chuchuchu. Chifundo cha wasabi n'choti sachedwa kuchoka. Patapita kamphindi anavalanso magalasi, anakonza tayi, n'kunena ndi mawu a munthu wobwera kutali kuti, "Ali bwino, koma sakufika pa kambuzi."

Sindinafune kuwawonjezera chisoni powauza kuti chimene chinawaliritsacho mwina sanali wasabi n'komwe. Wasabi weniweni ndi chomera chovuta kulima, chofuna madzi ozizira oyenda, chodula, ndipo akachipala fungo lake limayamba kuthawa pasanathe theka la ola. Chimene malo ambiri amaika pa mbale ndi muzu wina wotchedwa horseradish, wosakaniza ndi mpiru ndi utoto wobiriwira. Akale aja sanaganizireko zoti tsiku lina ngakhale phula lidzakhala lachinyengo.

Ndiye tifunse ndani? Mwambi uja sunanene kuti tizifunsa khamu. Unkanena za munthu mmodzi, amene ali pafupi, amene njuchi zinamulumapo, ndipo mawa mukhoza kumubwerera n'kumufunsa kuti bwanji munandinamiza. Wopereka nyenyezi simungamubwerere. Ku Soho anthu otere alipo, kungoti sali pa foni. Dutsani m'tinjira ta kumbuyo chakumadzulo, ntchito ya usiku isanayambe, mudzapeza ophika atakhala pa makreti, ma apuloni ali m'chiuno, akupuma. Afunseni kumene iwo amadya akaweruka. Munthu amene waima pa moto tsiku lonse sawononga ndalama yake pa malo okongola makoma. Funsani wogulitsa m'sitolo ya zinthu za ku Japan, monga Japan Centre, imene yakhala mu London kuyambira 1976. Ndipo mukakhala pansi funsani woperekera zakudya, osati kuti chabwino n'chiti, chifukwa adzati zonse, koma kuti iyeyo wadya chiyani lero.

Maso nawonso amafunsa. Ine ndimayamba ndi kutalika kwa menyu. Malo amene akugulitsa ramen, sushi, zakudya za ku Thailand, bakha wa ku China ndi tchipisi pa pepala limodzi akukuuzani poyera kuti kukhitchini kuli firiji yaikulu ndi mtima wogawanika. Msuzi wa tonkotsu umafuna mphika wake, munthu wake ndi tsiku lake; amene akuuphika moona alibe nthawi ya bakha. Ndimayang'ana mabakuli a anthu amene akutuluka: ngati msuzi watsala wambiri m'mabakuli onse, ndemanga ndi imeneyo, ndipo palibe anailipira. Ndimayang'ananso kapepala kobiriwira ka zaukhondo pa chitseko, ka manambala 0 mpaka 5. Ku Wales ndi ku Northern Ireland lamulo limakakamiza kukamata, koma ku England ndi kufuna kwa mwini. Amene anapeza 5 sachedwa kumata. Chitseko chikakhala chopanda kanthu, dzifunseni kuti kudzichepetsa kumeneku kwayamba liti.

Tinene kuti mwapeza malo abwino, bakuli lafika likufuka nthunzi. Apa ndi pamene anthu ambiri amataya zonse zimene avutikira. Ma noodles a ramen, makamaka opyapyala a ku Fukuoka, amapitiriza kupsa ali mu msuzi, ndipo pa mphindi zochepa amatupa n'kulefuka. N'chifukwa chake m'malo ena amakufunsani kuti mukufuna olimba bwanji, ndipo amakupatsani ochepa kuti mukamaliza muitanitse ena, otchedwa kaedama, n'kuwathira mu msuzi wotsalawo. Wophika wathamanga kuti bakuli likufikeni pa nthawi yake. Inu mwaimirira, mwasuntha botolo la sosi, mwapempha mnzanu kuti akuunikireni, mwajambula kuchokera kumwamba, mwajambula cham'mbali, mwatumiza ku gulu la banja pa WhatsApp, mwayankha azakhali amene afunsa ngati zimenezo ndi nyongolotsi. Pomwe mukugwira timitengo todyera, chakudya chafa kale. Usiku womwewo mulemba kuti ma noodles anali ofewa kwambiri, nyenyezi zitatu, ndipo mawa munthu wina pa Frith Street adzawerenga umboni wanu n'kutembenuka.

Idyani msanga, ndipo musaope phokoso. Ku Japan kufyonthola ma noodles mokweza si mwano. Mpweya umene mumakokera limodzi umawaziziritsa ndipo fungo limamveka bwino. Ife amene tinakula tikudzudzulidwa pa kulira kulikonse kwa pakamwa timavutika nazo, timadya mwakachetechete n'kupsa lilime mwaulemu. Kunyamula bakuli n'kumwa msuzi n'kololedwa. Chosaloledwa n'kuzika timitengo tija mu mpunga n'kutisiya titaima, chifukwa amatero pa mwambo wa maliro. Bilu ikabwera muonanso 12.5 peresenti yowonjezera ya operekera zakudya, imene foni inaiwala kutchula pamene munkawerengera ndalama panja paja.

Patsala chinthu chimodzi chimene akale anatibisira. Iwo anadzudzula wosafunsa, koma sananene kanthu za wofunsidwa, ngati kuti aliyense wodziwa amayankha zoona. Munthu amene wapeza kamalo kake ka mipando khumi, kumene amalowa osaima pa mzere ndipo wophika amamudziwa nkhope, ali ndi chifukwa chanji chokuuzirani? Akakuuzani, inu muuza anzanu, mmodzi mwa anzanuwo ali ndi TikTok, ndipo mwezi wamawa mwini chinsinsi adzaima pa chisanu kumbuyo kwa anthu 40. Mu 2024 anthu ena a mu London, atatopa ndi zimenezi, anapangana pa intaneti kuti azitamanda mokokomeza malesitilanti ena a nyama yootcha a kufupi ndi Leicester Square, amene eni mzinda sapitako kawirikawiri, n'cholinga choti alendo ndi ojambula mavidiyo akhamukire kumeneko, malo enieniwo apume. Anthu wamba, aulemu, olipira msonkho, ananama mogwirizana pofuna kuteteza chakudya chawo chamasana.

Inenso kamalo kanga ndili nako. Kali m'kanjira kena kosatalikira ndi kumene tayenda m'nkhani ino, msuzi wake ndi wa shoyu, woyera moti pansi pa bakuli pamaoneka, ndipo dzira lake silinandikhumudwitsepo. Mukandipeza pa msewu n'kundifunsa mwaulemu, ndidzakuyankhani mwaulemu womwewo, ndidzakugwirani paphewa, n'kukulozerani njira ya ku Leicester Square.